A Daka ndi Timiyala ta M'wotchi ya Golide

Mwezi uno chakwana chaka chimwalirireni apongozi anga, a Yotamu Daka, amene ankakonza mawotchi pa khonde la sitolo ya nsalu pa Nyimba. Apongozi anga aakazi, amake Dailesi, ndiwo andituma kuti ndilembe za malemuwo kuti adzukulu adzawerenge. Ndinayesa kuzemba. Ndinati ine ndine mkamwini chabe, wochokera kwa Kalindawalo, ndipo mwambo sunandilole kudya nawo mbale imodzi kapena kuwayang'ana m'maso. Amake Dailesi anandiyankha kuti ana awo anawazolowera atate awo mpaka kuleka kuwaona, pamene ine ndinatha zaka zisanu ndikuwasuzumira cham'mbali. Ananena zoona. Nkhope yawo sindingaifotokoze bwino, koma manja awo ndikuwadziwa.

Anali manja aafupi, a zala zonenepa, oti ukawaona ungaganize kuti ndi a munthu wosula makasu. Chikhadabo cha chala chachikulu cha kumanja ankachisunga chachitali, chotsegulira zivundikiro za mawotchi. Tsiku loti apita ku khonde sankagwira khasu kapena nkhwangwa, chifukwa ankati dzanja limene lamenya nthaka m'mawa limanjenjemera mpaka madzulo. Nkhani imeneyi inali mkangano wa dzinja lililonse pakhomo. Amake Dailesi ankati udzu sudziwa za mawotchi. A Daka ankangotenga njinga n'kupita, ndipo mizere yawo ankakaipalira Loweruka masana, mokwiya, mofulumira kuposa tonsefe. M'zaka zija sopo ankasowa m'masitolo, iwo anali ndi kachidutswa kawo kamene ankabisa m'dirowa ya tebulo pamodzi ndi khadi la chipani. Sankakhudza wotchi ya munthu asanasambe m'manja.

Tebulo lawo linkagona m'sitolo. M'mawa uliwonse ankalitulutsa okha n'kuliika pa ngodya ya khonde, pamene kuwala kunkabwera chakumanzere. Pamwamba pake pankakhala kagalasi ka pa diso, kambaniro, tizitsulo tomasulira, kabotolo ka mafuta ndi mtolo wa mapesi a chimanga. Anthu ankawaseka nawo mapesiwo. Iwo ankasenda phesi n'kutenga mtima wake wofewa uja, ndipo ankabaya mmenemo timiyendo ta timawilo kuti litsiro lichoke. Ankati mzungu amene anawaphunzitsa ku Bulawayo ankaitanitsa kutsidya kwa nyanja chinthu chofanana ndi chimenecho, pamene kuno mbuzi zimangodya.

Munthu akabwera ndi wotchi, a Daka ankayamba kuiika pa khutu asanapereke moni kwa mwini wake. Kenako ankafunsa ngati inagwa. Pafupifupi aliyense ankakana. Iwo sankatsutsa. Ankangotembenuza wotchiyo n'kuloza pamene panabonyoka, ndipo ankadikira mpaka munthuyo akumbukire. Ankakonda kunena kuti pa zaka zawo zonse sanakumanepo ndi wotchi yonama, koma eni ake okha. Ankadana ndi anthu othira parafini kapena mafuta ophikira m'wotchi, ndipo wina wotero anamubweza namuuza kuti apite nayo kukhitchini akamalize kuikazinga. Ikamakwana 13 koloko ankatsegula wailesi yawo yaing'ono, n'kutchera wotchi ya pa dzanja lawo ndi kulira kwa wailesiyo, kenako n'kuitseka nkhani zisanayambe kuti asunge mabatire.

Zaka zawo zomaliza kunabwera mawotchi apulasitiki oyendera batire, ongolemba manambala. Yoyamba imene anaitsegula anaiyang'ana kanthawi n'kuitseka, nati mulibe munthu mmenemo. Mabatire ankasintha, poti anthu ankafuna, koma ankachita ali chete ngati mlendo amene akudya ndiwo zopanda mchere.

Anabadwira ku Msanzala. Ali mnyamata anapita ku Bulawayo, pena pansi pena pa malole, ndipo anapeza ntchito yosesa m'sitolo ya mzungu wogulitsa mphete ndi mawotchi. Mzunguyo anaona kuti wosesayu amatola timisomali timene iye mwini anali atatayako mtima, ndipo anamukhazika pa benchi. Anakhala pa benchipo zaka zambiri. Ufulu utabwera anabwerera kuno ndi bokosi la zida, nakwatira pa Nyimba, nakhala mkamwini monga ine. Mwina n'chifukwa chake sanandivutepo. Ankandilankhula kudzera mwa mkazi wanga ngakhale ndili pomwepo: "Dailesi, uwauze apongozi kuti tcheni cha njinga yawo chikulila, chikufuna mafuta."

Munthu amene ankakangana naye kwambiri anali a Mwanza, mphunzitsi wamkulu wopuma ntchito, amenenso anali mkulu wa mpingo wathu. A Mwanza ndiwo ankaliza belu la tchalitchi, limu ya lole yopachikidwa pa mtengo, ndipo ankatsata wotchi yawo yachitsulo choyera imene analandira popuma ntchito. Malinga ndi a Daka, wotchiyo inkathamanga ndi mphindi zinayi.

"Bambo Mwanza, lelo mwamudzutsanso Mulungu nthawi isanakwane."

"Mulungu sagona, bambo Daka. Imagona ndi wailesi yanu."

A Daka ankafika pa tchalitchi msanga, koma ankaima panja pa mthunzi akuyang'ana pa dzanja, n'kulowa mphindi zinayi zitatha, nyimbo yoyamba ili pakati. Anachita zimenezo Sabata lililonse kwa zaka. Anthu ankaseka, ndipo ndikhulupirira kuti eni akenso zinkawakomera.

Zinasiya kukoma chaka chimene wotchi ya a Mwanza inaima. Wokonza wina anali kutali ku Petauke, choncho anameza malovu n'kubwera nayo ku khonde. A Daka anaitsuka, ndipo inayambanso kuyenda. Koma a Mwanza atafika kunyumba anatenga mpeni, natsegula chivundikiro cha kumbuyo kuti aone chimene mnzawo wachita. M'mawotchi a mtundu umenewu mumakhala timiyala tofiira, tating'ono ngati njere za bonongwe, timene timiyendo ta timawilo timazungulirapo kuti tisadyeke. Pa nkhope ya wotchi yawo panalembedwa m'Chingerezi kuti muli timiyala khumi ndi tisanu ndi tiwiri. Iwo anawerenga timene ankationa, napeza tisanu.

Inali nthawi imene anthu anali atapenga ndi miyala. Anyamata ankasiya thonje m'munda kupita kukakumba m'mapiri, ndipo alendo ogula miyala ankatsika m'basi ndi tizikwama tawo. Aliyense ankadziwa kuti kamwala kofiira n'chuma. Choncho a Mwanza atafika pa khonde m'mawa mwake, wotchi ili m'manja, anthu a pamsika sanafune kulongosoleredwa zambiri.

"Apa palembedwa seventini. Ine ndapeza faivi. Twelofu yanga ili kuti?"

"Tili momwemo, bambo Mwanza. Tina tili kumbali ya nkhope, tina tasanjikizana. Bweletsani ndimasule muone."

"Ndikupatseninso kuti mumalize ndi totsala?"

Anthu anaseka, ndipo kusekako ndiko kunawatseka pakamwa a Daka. Akanatha kufotokoza kuti timiyalato n'topangidwa m'fakitale, toti wogula miyala sangatiyang'ane n'komwe. Akanatha kumasula wotchi ina, koma ankadziwa kuti anthu adzati asankha okha yoti awanamize nayo. Akulu a mpingo atawapempha kuti alumbire atagwira Baibulo, anakana, nati chinthu chooneka ndi maso sachilumbirira.

Kuyambira pamenepo mawotchi a pa Nyimba anayamba kukwera basi kupita ku Petauke. Ena amene anakonzetsapo kale anatsegula awo ndi mipeni, nawerenga, napeza tochepa. Ena anathyola tisipuling'i pochita zimenezo n'kunena kuti a Daka ndiwo anasiya zofooka. Ana anayamba kuwatcha a Timiyala. Dailesi anasiya kutunga madzi pa mjigo wa pamsika. Ine anzanga atandifunsa ngati n'zoona, ndinayankha kuti kaya, poopa kukhumudwitsa wofunsayo, ndipo ndalemba zimenezi chifukwa ndinalonjeza amake Dailesi kuti sindibisa kanthu. A Daka ankatulutsabe tebulo m'mawa uliwonse, n'kusamba m'manja, n'kukhala kuseri kwake popanda chogwira mpaka madzulo. Zida zonse zinali pa tebulo monga kale. Chimene chinasowa chinali dzina lawo, ndipo popanda ilo palibe amene akanawasiyira wotchi.

Mu Ogasiti, mwezi wa mphepo, galimoto yoyera inaima kutsogolo kwa sitolo. Ine ndinali pamsika tsiku limenelo ndi thumba la mtedza. Munatuluka munthu wonenepa wovala suti, a Njobvu, mwini malole onyamula thonje kupita ku Lusaka. Anali atakumbatira bokosi lathabwa ngati mwana. Atalitsegula pa tebulo tinaona mawotchi atagona m'mizere, iliyonse pa kapilo kake, pamene pa dzanja lawo anavala wotchi wamba yachitsulo. Anali munthu wosonkhanitsa mawotchi monga ena amasonkhanitsira ng'ombe, osati zolimira, koma zoti aziziyang'ana zikulowa m'khola.

Imene inawabweretsa inali pakona pa bokosilo. Inali yagolide, yopyapyala, ndipo inalibe nkhope. Kutsogolo galasi, kumbuyo galasi, ndipo pakati pake zonse zinali poyera: timawilo, tisipuling'i, timiyala. Zitsulo zogwiriziza timawilo zinali zitadulidwa mpaka kutsala tinthambi towonda, ndipo pa kanthambi kalikonse anagobapo timasamba. Ukaikweza kudzuwa unkaona chala chako kuseri kwake. Mayi wina wogulitsa nthochi anasuzumira n'kunena kuti wotchiyi aivula zovala.

A Njobvu anati anaigula kwa mzungu wina wokalamba amene ankabwerera kwawo. Anati zoterezi zinapangidwa zochepa kwambiri, iliyonse yodulidwa pamanja ndi sowo yowonda ngati ulusi, ndipo kunja kuli anthu amene amalemberana makalata kwa zaka pofunafuna imodzi yokha. Tsopano inali itaima.

"Mdala, ku Lusaka onse akana kuigwila. Kuitumiza kunja, mapepala ake simungawapeze masiku ano. Mkulu wina wa m'sitolo ya mphete ndiye anandiuza kuti ku Nyimba kuli munthu amene anakhala pa benchi ku Bulawayo. Koma ndamwa tiyi apo pa siteshoni, ndipo ndamva nkhani."

"Mwamva bwino. Ikukambidwa."

A Daka anasamba m'manja, naika kagalasi pa diso. Imeneyi sanaiike pa khutu. Anaiyang'ana nthawi yaitali, kutsogolo ndi kumbuyo, mpaka anthu anayamba kutsokomola. Kenako anati anaionapo yotere kamodzi kokha, ndipo mzungu wawo uja sanalole kuti munthu apumire pafupi nayo.

A Njobvu anaika malamulo awo. Kanthu kalikonse ka m'wotchimo kasasinthidwe, ngakhale kamsomali kamodzi, ndipo golideyo asamupukute kuti awale, chifukwa kwa anthu osunga mawotchi, wotchi imene yasinthidwa kanthu siilinso yomweyo. A Daka anavomera, naika awo.

"Ndidzaimasula mailo m'mawa, pano pa khonde, anthu akuona. Ndipo a Mwanza akhale apa kutsogolo kwanga, awelenge timiyala."

"Panja? Ndi fumbi ili?"

"Fumbi ndi langa. Ngati simufuna, Lusaka mukuidziwa njila yake."

A Njobvu anayang'ana bokosi lawo, nayang'ana khamu la anthu, ndipo anati nawonso angakonde kuona ndi maso awo.

Pakhomo masana amenewo amake Dailesi sanabise mawu. Ine ndinali kuseri kwa nkhokwe, koma sankanong'ona.

"A Daka, maso anu si aja a ku Bulawayo. Mphepo mukuiona. Mukataya kamodzi kokha, mudzakhala wakuba kawili, ndipo uyu si hedimasitala wa pa Nyimba. Uyu adzabwela ndi apolisi."

"Ndikudziwa, amake Dailesi. Mundibweleke nsalu zanu zofunda za pa bedi, zoyela zija."

Anawabwereka. Kutacha, iwo omwe ndi amayi anzawo a mumpingo anawaza madzi pa bwalo lonse la kutsogolo kwa sitolo, napachika nsalu zonyowa mbali ziwiri za khonde. Pa tebulo anayala nsalu yoyera. Anthu anadzaza mpaka mumsewu, ndipo kondakitala wa basi ya ku Chipata anachita kulalata kuti okwera ake abwerere. A Mwanza anafika atavala jekete lakuda, ali ndi kope la ana a sukulu ndi pensulo. Anakhala pa mpando moyang'anana ndi a Daka osapereka moni.

A Daka anawapatsa kagalasi. "Sindinaikhudze m'kati. Welengani, mbali zonse ziwili."

A Mwanza anawerenga pang'onopang'ono, natembenuza, nawerenganso. Anabwereza kachiwiri. Pa mkombero wa wotchiyo panagobedwa nambala yomwe ija.

"Palembedwa seventini. Ndapeza leveni."

"Wotchi imeneyo sinatsegulidwepo chiigulileni," anatero a Njobvu.

Wina kumbuyo anati, "Ndiye kuti a Daka aba sikisi ndi maso okha." Anthu anaseka. A Daka sanaseke. Anatenga kachitsulo komasulira n'kuyamba.

Sindinaonepo manja awo akugwira ntchito ngati m'mawa umenewo. Kamsomali kalikonse ankakaika pa nsalu m'malo mwake, mwadongosolo lomwe kanatulukira. Atachotsa mivi ndi kawilo ka pansi pake, kunaoneka kamwala kamene kanabisala pamenepo. Anakankhira wotchiyo kwa a Mwanza.

"Twelofu," anatero a Mwanza, nalemba.

Tiwiri tinali pa nsonga za kachitsulo kooneka ngati nyanga za ng'ombe. Kena kanali kataimirira pansi pa kawilo kaja kamene kamagunda ngati mtima. A Mwanza ankatchula nambala iliyonse, mawu akunka natsika. Anafika pa fifitini. Totsala tiwiri tinali tosanjikizana: kamwala kamene anakawerenga kale kanali kovundikira kanzake. A Daka ananyamula kovundikira koyamba ndi kambaniro, nakaika pa nsalu. Sikisitini. Anatembenuza, nagwira kachiwiri. Pansi pake kunaoneka komaliza. Ndipo kovundikira kaja kanathawa m'kambaniro. Sitinakaone kakupita. Tinangoona kambaniro katatsekeka popanda kanthu.

A Daka anakweza manja onse awiri m'mwamba. "Munthu asasunthe phazi."

Anasanthula nsalu yonse ndi kagalasi, kuchokera ngodya ina mpaka ina. Anayang'ana pa malaya awo, pa mawondo, pansi pa tebulo. Panalibe. A Njobvu anali atavula chipewa, thukuta likutsika m'khosi. Amake Dailesi anagwira pakamwa. Aliyense ankadziwa tanthauzo lake. Nambala inali itakwana ndipo nthawi yomweyo inaperewera, ndipo kamwala kena koikapo a Njobvu anali atakana kale.

Ine ndinaima kuseri kwa chipilala, kumene mkamwini amayenera kuima, ndipo kuchokera pamenepo ndinkawaona bwino a Mwanza. Sankayang'ana pansi monga ena onse. Ankayang'ana mkono wa jekete lawo, wakumanzere, umene unali utagona m'mphepete mwa tebulo. Anauyang'ana nthawi yoti munthu angaimbe ndime imodzi ya nyimbo. Kusuntha mkonowo pang'ono chabe kukanakwanira, ndipo kukanakhala kuti ananena zoona miyezi yonseyo.

"Bambo Daka," anatero, osakweza mutu. "Bwelani ndi kambanilo kanu. Kali pa jekete langa."

"Musapume."

"Sindikupuma. Fulumilani."

A Daka anazungulira tebulo mwakachetechete, nagwada, nakatola pa mpindiro wa mkonowo. Atakaika pa nsalu, a Mwanza anapuma, natenga pensulo.

"Seventini," anatero, ndipo ananena mokweza ngati ali m'kalasi. Analemba, natseka kope.

Mnyamata wina wa njinga anayamba kunena kuti a hedi agwidwa ndi katundu m'manja. A Daka anamuyang'ana kamodzi n'kumufunsa ngati iye akanalankhula likanakhala jekete lake. Mnyamatayo analowa m'khamu. Ndiwo mawu okhawo amene a Daka ananena pa zimene a Mwanza anachita.

Vuto la wotchiyo linali laling'ono. Mafuta ake anali atauma ngati ulimbo chifukwa chogona m'bokosi zaka zambiri osaipukusa. Anatsuka kalikonse, nabaya m'mtima wa phesi, nadontheza mafuta ndi nsonga ya singano, namanganso. Dzuwa lili pamutu kawilo kaja kanagwedezeka, kenako kanayamba kugunda. Anthu anapanga mzere ngati wogulira shuga kuti aone. Ambiri a ife tinali titavala mawotchi zaka zambiri, koma tinali tisanaonepo nthawi ikuyenda m'kati.

Ndiye anayamba kukangana ndi a Njobvu, poti a Daka sakanalola tsiku kutha mwamtendere.

"Muziivala, bambo. Yadwala chifukwa chokhala."

"Ikandika, mdala. Ine sindivala zimenezi, ndimayang'ana."

"Ndiye muziipukusa m'mawa uliwonse, musanamwe tiyi. Mukaigonekanso, musabwele nayo kwa ine."

A Njobvu anaseka, nawapempha kuti aivale iwo kaye. A Daka anakana kawiri. Kachitatu anatambasula dzanja. Anaivala nthawi yomwa kapu imodzi ya tiyi, dzanja lili pa tebulo osaligwedeza, kenako anaivula, naibweza pa kapilo kake. Sanaionenso. Pambuyo pake ankanena kuti kale ankayesa kuti anthu osunga mawotchi m'mabokosi ndi amisala, koma anasintha maganizo pang'ono. Ankati amene anadula wotchi ija analibe pobisa ulesi. Wotchi wamba ili ndi nkhope yophimba zolakwa za mmisiri, koma ija, pamene sowo inapotoka pakanaoneka kwa zaka zonse. Ankati ngati munthu akufuna kusunga ntchito yotero, iwo sangamutsutse, bola aziipukusa.

Mawotchi anabwerera pa tebulo sabata yomweyo, ena atathyoledwa ndi mipeni ya eni ake. Sanadzudzule aliyense. Kwa amene anawatchapo a Timiyala ankangofunsa funso lawo lakale, ngati inagwa. A Mwanza sanapepese, ndipo a Daka sanadikire kupepesa. Sabata lotsatira belu linalira pa nthawi ya a Mwanza, a Daka anaima panja mphindi zawo zinayi, ndipo potuluka anakangananso. Amake Dailesi anati pamenepo ndi pamene anadziwa kuti nkhani yatha.

Anadwala masiku ochepa, chifuwa, nthawi yokolola itangotha. Lachisanu anali pa khonde, Lachitatu tinawaika. Atamwalira tinatsegula dirowa ya tebulo ndipo tinapeza mawotchi asanu ndi atatu okonzedwa kale, iliyonse yokulungidwa m'pepala lolembedwa dzina la mwini wake. Tinawagawa pa maliro pomwepo.

Dzulo ndinapita kukaona khonde lija ndisanamalize kulemba. Sitolo tsopano imagulitsa zovala za kaunjika, ndipo mabelo amadzaza mbali ya ku khomo. Koma ngodya ija ili yopanda kanthu. Mwini sitolo akuti palibe amene wamupempha malowo. Pa simenti pali timaenje tinayi pamene miyendo ya tebulo inadya, ndipo pakati pake pali poyererako kuposa pena ponse. Pa chipilala patsala msomali wopindika. Dzuwa la m'mawa limalowabe chakumanzere n'kugwera pansi popanda chowalira.

Pa sitepe ya khondelo ndinapeza a Mwanza atakhala, ndodo ili pakati pa miyendo. Akalamba kwambiri chaka chimenechi. Ndinagwada n'kupereka moni, ndipo anandizindikira.

"Mkamwini wa a Daka. Nthawi ili bwanji, mwana wanga?"

Ndinawauza, ndipo ndinaona kuti wotchi yawo ili pa dzanja. Mivi yake inali pa nthawi ina. Anati inaima mwezi wa Febuluwale. Ndinanena mwaulemu kuti ku Petauke kuli mnyamata amene anthu akumuyamikira, ndipo ndikhoza kuwapititsira Lolemba.

Anaphimba wotchiyo ndi dzanja linalo.

"Iyayi. Womaliza kuikonza anali a Daka. Ikhale choncho."

Ndinawasiya ali pomwepo, atafulatira msewu, akuyang'ana pa ngodya.